Mawu a Chingerezi amene amatidyera ndalama ku Joni

Ambiri amafika ku Johannesburg akudziwa kupereka moni m'Chingerezi, koma mawu amene amawalanda ndalama ndi ena, olembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono pa tikiti, pa risiti ndi m'pasipoti, ndipo angapo mwa mawuwa amayamba ndi chilembo cha E.

Liwu la estimate likalembedwa pa pepala la wonyamula katundu, dziwani kuti mtengowo ndi wongoyerekeza. Ine ndinalipira R1,500 kuti firiji ndi matumba a zovala zifike ku Blantyre, koma katunduyo atafika, mlongo wanga anauzidwa kuti awonjezere ndalama yoposa theka la mtengowo asanalandire ngakhale thumba limodzi. Nditadandaula, anandilozera m'munsi mwa pepala lomwelo pamene panalembedwa kuti excluding duty, kutanthauza kuti msonkho wa pachipata cha Mwanza sunali m'kati mwa ndalama imene ndinapereka. Msonkhowo sindikuukana chifukwa ndi lamulo, koma kulandira ndalama ya munthu osamuuza zimenezi ndi kuba. Palinso excess, ndalama ya katundu wopitirira muyezo, imene ena amangoitchula pakamwa atanyamula chikwama ndi dzanja. Mwa onse amene ndatumizako katundu, mayi mmodzi yekha ndi amene anaika chikwama pa sikelo ine ndikuona, n'kulemba mtengo wonse pa risiti, kenako n'kundiuza kuti ndijambule risitiyo pa foni ndi kuwatumizira a kumudzi.

Liwu loopsa kuposa onsewa ndi expiry, tsiku limene chilolezo chimatha. Mmalawi amalowa m'dziko la South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo malinga ndi malamulo a 2014, wopitiriza nthawiyo ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, pamene wopitiriza kuposa apo amaletsedwa kwa zaka 5. Apa ndi pamene amatulukira anyamata olonjeza extension, kutanthauza kukuwonjezerani masiku, kuti muwapatse pasipoti ndi ndalama akakudindireni ku chipata cha Beitbridge inu mutakhala m'chipinda mwanu. Musayese. Chidindo chikakhala chabodza, womangidwa ndi mwini pasipoti, ndipo mnyamata uja simudzamupezanso pa foni.

Achinyamata amene mukugulitsa mbuzi za makolo chifukwa mwaona liwu la employment, kutanthauza ntchito, pa Facebook, mverani. Masiku 30 aja ndi a mlendo wodzacheza, sakulolani kugwira ntchito. Mu March 2025 boma la South Africa linaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola, koma bwana akadziwa kuti masiku anu anatha, amakupatsani zimene wafuna, podziwa kuti mukuopa kukadandaula kulikonse. Musanapereke ndalama kapena kusaina pepala lililonse, pezani munthu wa kwathu wodziwa bwino Chingerezi akuwerengereni mpaka mzere womaliza, ndipo wokulembani ntchito kapena wonyamula katundu akakana kudikira, tengani ndalama yanu muzipita.