Thanki ya makala ochotsa fungo: imagwira, koma ogulitsa ake anatsala pang'ono kutiphetsa munthu

Ife timapanga chambiko ndi yogati kuno ku Bvumbwe, ndipo madzi otsukira zigubu amathera m'dzenje la simenti kuseri kwa fakitale. Kukatentha mu Okutobala, dzenjelo limanunkha mazira owola moti a mfumu anachita kutiitanitsa. N'chifukwa chake tinagula thanki ya activated carbon, makala apadera ochotsa fungo, ku kampani ina ya ku Blantyre, pa K2.4 miliyoni, yoikitsa kulipira padera.

Masabata awiri oyamba fungo linatheratu. Yachitatu linabwerera, madzi potulukira akungodontha. Ndinaimba foni mpaka kutopa. Mnyamata amene anadzaika uja atayankha anangoti, "Mayi, ndi paipi yatsekeka imeneyo, tumani munthu alowe m'dzenjemo akaone." Mawu amenewa ndi amene andilembetsa ndemangayi. Wantchito wathu anatsika pamakwerero, ali pansi n'kukuwa kuti muno simukununkha n'komwe. Posakhalitsa ndinamuona akugwirira khoma, maondo akugwedera. Anzake awiri anamukoka ndi kolala ya ovolosi. Anasanza, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, ndipo tinathamangira naye kuchipatala. Kumeneko n'kumene anandiuza kuti mpweya wonunkha mazira owolawu, hydrogen sulfide, ndi wolemera kuposa mpweya tikupumawu, motero umakhazikika pansi pa dzenje, ndipo ukachuluka umachititsa mphuno dzanzi. Munthu amayesa fungo latha pamene ndi pomwe wafika pakupha. Iwe ukugulitsa chida chochotsera mpweya womwewu, ungauze mnzako kuti alowe m'dzenje? Mwana wa eni ake akanatifera m'manja. Mpaka lero sanapepese.

Nditawauza kuti adzatenge katundu wawo, anatuma bambo wina wachikulire, ndipo apa ndisaname, mtima unatsikako. Anatsekula chivundikiro, n'kutapa makala odzaza dzanja. Anali onanda, okutidwa ndi mafuta oyera a mkaka. Atawafikisa ndi chala panaoneka kaufa kachikasu. "Mayi, chikasu ichi ndi sulufule. Makala anu amagwira ntchito, koma mwawamiza m'mafuta." Anandifotokozera kuti awa si makala a pambaula: ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, moti galamu imodzi yokha ili ndi malo ogwirira mpweya oposa masikweya mita 500. Ndipo mtundu tinagulawu sumangosunga mpweyawo, umaulumikiza ndi okosijeni n'kuusandutsa sulufule. M'madzi mukapanda okosijeni, makalawo amangodzaza n'kusiya. M'dzenje lathu okosijeniyo anali wochepa kwambiri, ndipo mabakiteriya opanga fungolo amakonda malo otero. Zonsezi pa pepala limene anatipatsa pogula panalibe ngakhale mzere umodzi.

Bamboyo anatimangitsa kathanki kotchingira mafuta madzi asanafike ku makala, anaika pampu yopopera mpweya m'madzi, n'kutiphunzitsa kutsuka makalawo pobweza madzi chammbuyo kawiri pa sabata. Ndalama ina inatulukanso pamenepo.

Pano padutsa miyezi isanu. Fungo kulibe, amayi oyandikana nafe ayambiranso kuyanika ufa kuseri kwa mpanda, ndipo mawaya a kopa a pa pampu amene ankada bii tsopano akukhalitsa. Magetsi akazima tsiku lonse kafungo kamabwerako, poti pampu ya mpweya imaima. Makalawo adzafunika kusintha, ndipo akuti ndi a zikamba za kokonati zochokera kunja. Zimandiwawa ndikamaona milu ya zikamba za makademiya kuno ku Thyolo, zomwenso zimapanga makala otere.

Ndapereka nyenyezi zitatu: makalawo ndi bambo wachikulire uja akuyenera zisanu, ofesi yawo ngakhale imodzi ayi. Ngati madzi anu ali ndi mafuta, musalole kuti aike thanki popanda chotchingira mafuta ndi pampu ya mpweya. Dzenje lathu pano lili ndi chitseko chachitsulo, kiyi ndimasunga ndekha.