CBCT ya nsagwada: imaonetsa zambiri, koma siingagamule za khansa

Makina a CBCT, omwe amajambula mano ndi nsagwada ndi cheza cha ekisire, amazungulira mutu wa wodwala, chibwano chitakhazikika pa kachotsamira, ndipo kujambulako sikukwana mphindi imodzi. Fupa limaoneka mbali zonse, pamene ekisire wamba amaunjika zonse pa chithunzi chimodzi.

Pa chithunzi, kamthunzi kakuda kunsonga ya muzu wa dzino kawirikawiri kamakhala mafinya kapena kathumba kobwera chifukwa mtsempha wa dzino unafa. Koma khansa zina zimabisala pomwepo: lymphoma (khansa ya maselo oteteza thupi), osteosarcoma (khansa ya fupa), squamous cell carcinoma (khansa ya maselo ngati a pakhungu) yoyambira m'fupa, ndi khansa yochokera ku bere, mapapo, impso kapena prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo), yomwe imakonda kukhazikika m'nsagwada ya m'munsi, cha ku mano otafunira. Apa ndi pamene CBCT imagwira ntchito yotamandika. Chotupa cha matenda wamba kawirikawiri chimakhala ndi malire ooneka bwino. Cha khansa chimalumaluma fupa ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, chimaboola khoma la nsagwada, nthawi zina mpaka kufika pa ngalande ya mtsempha wopita ku mlomo wa m'munsi. Ekisire wamba zimenezi amaziphonya mosavuta.

Zofooka zake zilipo. Mnofu siuoneka bwino, choncho kufalikira kwa chotupa kunja kwa fupa kumafuna makina ena ojambula m'kati mwa thupi, a CT kapena MRI. Zitsulo za m'kamwa zimabweretsa mizere yosokoneza, wodwala akasuntha pang'ono chithunzi chawonongeka, komanso cheza chake chimaposa cha ekisire wa dzino limodzi. Si makina ojambulira aliyense amene dzino likumupweteka.

CBCT timailimbikitsa ngati dzino likumva kuzizira poliyeza, kutanthauza kuti n'lamoyo, chonsecho pamuzu pali mthunzi. N'chimodzimodzinso mlomo kapena chibwano zikachita dzanzi, dzino likamagwedera pamene nkhama zili bwino, kapena bala la dzino lozulidwa likakana kupola. Dzanzi limeneli, makamaka kwa munthu amene anadwalapo khansa, si loyenera kulipatsa maantibayotiki kachiwiri n'kumadikira.

Chimene chimatidetsa nkhawa n'kudalira chithunzi chokha. Yankho loti ndi khansa kapena ayi limachokera ku kachidutswa kodulidwa pamalopo, koikidwa mu formalin (mankhwala oteteza kuti kasaole) ya 10% yochuluka kuwirikiza ka 10 kukula kwake, n'kutumizidwa ku labotale. Kakakhala ndi fupa, kamayamba kafewetsedwa, choncho zotsatira zimachedwerapo masiku angapo. Musanalipire, funsani ngati zithunzi zonse zidzawerengedwa ndi katswiri wa zithunzi za m'kamwa, osati kungosuzumira dzino limodzi lodandaulidwalo.