Osema mitengo ya mfuti pa Kasungu: polowa chitsulo akhoza, pa vanishi alakwitsa

Mtengo wa mfuti ukang'aluka, ambiri amangoukulunga ndi mphira poganiza kuti watsopano sapezeka. Pa Kasungu boma pali amisiri a matabwa ochepa amene amasema wina ndi manja, wa mfuti ya mpweya kapena ya shotigani ngati zomwe amasunga ena mwa eni minda ya fodya. Ntchito yawo ndi yabwino, koma musaisiyire mmisiri yekha.

Asanagwire chilichonse amafunsa laisensi ya ku polisi, ndipo mwini mfuti amakhala pomwepo poyeza. Ndi Kasungu National Park ili pafupi chonchi, palibe amene akufuna kugwidwa akusemera gogodela wa opha nyama mozemba.

Nkhani yaikulu ndi thabwa. Mlombwa ndiwo woyenera chifukwa ukauma sufota kwambiri ndipo supindika. Mbawa imasemeka mofewa koma ulusi wake umapingasana, pulena imauzula n'kusiya timaenje. Muwanga ndi wolemera mopitirira. Bulugamu mukaneni, amapotoka. Popeza mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yotetezedwa, thabwa lochokera ku chitseko kapena bedi lakale ndilo labwino, komanso louma kale. Lofunika ndi lokhuthala masentimita 6, ndipo lotere likakhala latsopano limafuna zaka ziwiri pamthunzi. Apa ena amachita changu. Thabwa laliwisi limafota ikafika Okutobala, mabawuti amakhwefuka, mfuti n'kuyamba kuphonya.

Onetsetsani ulusi wa thabwa pakhosi, pamene dzanja limagwira pokoka tiriga. Mpocheperapo pa mtengo wonse, ndiye ulusi uyende motsata khosilo. Ukadutsa chopingasa kapena pakakhala mfundo, pamathyoka.

Luso lawo lenileni lili pogoba malo olowa chitsulo. Amayamba nawo thabwa likadali la ngodya zinayi, atalemba mzere pakati. Chitsulo amachidetsa ndi mwaye wa koloboyi, amachikanikiza m'malo mwake, ndiye pamene pada amapalapo ndi tchizulo pang'onopang'ono, kubwereza mpaka mwaye utagwira ponse mofanana. Kumbuyo kwenikweni, pamene chitsulo chimathera pamwamba pa khosi, amasiya kampata kopyapyala ngati pepala. Popanda kampatako, mfuti ikakankha powomba chitsulo chimalowa m'thabwa ngati nkhwangwa, mng'alu n'kuyambira pomwepo. Ndi ntchito yotopetsa maso, koma sanyozera.

Akatero amasema kunja ndi kasemasema ndi tupa. Kuchokera pa tiriga kufika kumapeto kwa thako, mbali yotsamira paphewa, munthu wamkulu amafuna pafupifupi masentimita 36. Amisiriwa amangotengera mtengo wakale, choncho ngati wakalewo unkakufupikirani, nenani asanadule, muuyese paphewa.

Pomalizitsa mpamene pali vuto. Sandipepa amalekeza pa nambala 120 n'kupaka vanishi wa mipando wokhuthala. Amawala tsiku loyamba, koma amaterera dzanja likachita thukuta, ndipo akakalika madzi amalowa pansi pake n'kumusenda. Apempheni afike pa 220, anyowetse thabwa ndi kansalu, likauma akwechenso tiulusi totukuka. Kenako apake mafuta a matabwa a linisidi, ogulidwa ali owiritsa kale, opaka ndi chikhatho mopyapyala kamodzi patsiku kwa sabata, kupukuta otsala pakatha mphindi 20. M'kati molowa chitsulo ndi kumapeto kwa thako apakenso, poti mpamene chinyezi cha dzinja chimalowera. Tinsanza ta mafutawa muyanike motambasula, tikaunjikana timatha kuyaka tokha.

Malipiro ndi okambirana, ndipo amatsika mukabwera ndi thabwa lanu. Wolonjeza kumaliza m'masiku awiri msiyeni, mafuta okha sangaume m'nthawi imeneyo.