Miyezi khumi ndi kamera ija m'fumbi ndi dzuwa la Tete

Abale, mu Febuluwale nditangogula kamera ija ndinalemba ndili ndi chimwemwe chokhachokha, ndinati lenzi yayitali yokokera zakutali ya 70-300mm yathetsa mavuto anga onse, kuti tsopano nkhwazi ya pamtengo tsidya lija la Zambezi ndiziijambula ngati ili pakhonde panga. Pano ndi Disembala, chizimalupsa chinadutsa kale, tsanya wayamba kuphukira ndipo kamera ija yadula zithunzi zopitirira 9,000 ili m'manja mwanga, ndiye ndabweranso kuti ndikonze zina zomwe ndinanena mothamanga chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena akusunga ndalama kuti agule yotereyi.

Kwa amene simunaone zoyambazo, ndi DSLR (kamera yosintha malenzi yokhala ndi kagalasi mkati) yogwirapo kale ntchito, sensa yake, kachipangizo kolandira chithunzi mkatimo, ndi yocheperako ya mtundu wa APS-C ya mamegapikiselo 24, ndinakaigula ku Blantyre ndikubwera nayo kudzera pa chipata cha malire cha Zóbuè, inabwera ndi malenzi awiri, kakang'ono ka 18-55mm ndi yayitali ija. Ine kwathu ndi ku Ulongwe koma ndimakhala ku Moatize chifukwa cha ntchito, ndiye kujambula ndimapanga kumapeto kwa sabata ndi nthawi ya tchuthi basi. Chimene chinandikopa ndi zithunzi za m'chipululu cha Namib zija, milu ya mchenga wofiira ndi nyama imodzi itaima payokha. Kuno chipululu chenicheni kulibe, zimenezo tisanamizane, koma amene anadutsapo ku Changara kapena njira ya ku Chitima mu Okutobala akudziwa zomwe ndikunena, udzu wonse watha, nthaka ili mbee, miyala, minga, milambe yopanda tsamba ndi mbuzi zikufunafuna kamthunzi. Kwa munthu wokulira ku Angónia kozizira kuja, dziko limeneli limaoneka lachilendo ndipo ndi lokongola mwa mtundu wake.

Chinthu chachikulu chomwe ndaphunzira ndichakuti kuno amene amalamula chithunzi ndi dzuwa, kamera imabwera pambuyo. Ndifotokoze bwino chifukwa apa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kugulitsa lenzi yabwinobwino.

Mu Okutobala ndinatenga masiku anayi kupita ku Mágoè, ku paki ija inakhazikitsidwa mu 2013 kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, dera lomwe kuyambira zaka za m'ma 1990 munali ntchito ya Tchuma Tchato yoti anthu a m'midzi azipindula ndi nyama zakutchire. Tsiku lachiwiri cha m'ma 9:30 m'mawa tinaona njovu zisanu zikutsikira kumadzi, zinali patali ndithu koma pa 300mm zimadzaza bwino, ndinaika shata, kachitseko kolowetsa kuwala, kuti izitseguka 1/1000 ya sekondi yokha, ndinatsamira pa galimoto kuti manja asanjenjemere, ndinajambula zopitirira 60 mtima uli m'mwamba. Usiku nditayang'ana pa sikirini ndikukulitsa, kalanga ine, palibe ndi chimodzi chomwe chakuthwa, makutu a njovu ali ngati asungunuka, miyendo yokhotakhota ngati ukuziona pansi pa madzi. Ndinagona ndikuganiza kuti fokasi ya lenzi yafa ndi mabampu a mumsewu. M'mawa mwake 5:30 ndinajambula chitsa cha mtengo chomwe chinali pa mtunda ngati womwewo, chinatuluka chakuthwa mpaka ming'alu ya khungwa kuwerengeka. Ndinachijambulanso 10 koloko, chasungunuka ngati njovu zija.

Vuto silinali lenzi. Nthaka ikapsa ndi dzuwa imatenthetsa mpweya wa pamwamba pake, mpweya wotenthawo umakwera kusakanikirana ndi wozizirirapo, ndiye kuwala kukamadutsa m'menemo kumapindika uku ndi uku, ndi kuvina kuja timakuona pamwamba pa tara masana. Ndi maso sizioneka kwambiri koma lenzi yayitali imakulitsa kuvinako pamodzi ndi nyamayo, ndipo kumbukirani pa sensa ya APS-C 300mm imaona ngati 450mm ya pa kamera ya sensa yayikulu. Palibe shata yothamanga kapena katripodi kamene kangakonze zimenezi, ngakhale mutagula lenzi ya ndalama zogulira galimoto mpweya ndi womwewo. Zomwe zimathandiza ndi izi basi, kulawira, kuyandikira ngati nyamayo ndi yoti mungaiyandikire, komanso kuima pamalo okwera m'malo mojambula pafupi ndi nthaka chifukwa mpweya woipitsitsa uli pansi penipeni. Ndaonanso kuti ukamajambula modutsa pamwamba pa madzi zimakhalako bwino, mvuu ndi ng'ona za ku Cahora Bassa ndazijambula mpaka cha m'ma 9 zili bwinobwino pomwe kumtunda zinali zitaonongeka kale.

Ndiye mu Okutobala ndi Novembala nthawi yanga yeniyeni ndi kuyambira dzuwa likamatuluka cha m'ma 5:15 mpaka 7, ikachuluka 7:30. Madzulo kuwala kumakoma koma nthaka imakhala ikadali yotentha, ndiye lenzi yayitali imayamba kumvera mochedwa, mwina mphindi 40 zomaliza dzuwa lisanalowe, ndipo kuno limalowa msanga 6 koloko isanakwane. Munthu amene sangadzuke 4 koloko, lenzi imeneyi imupatsa theka la zomwe analipira.

Fumbi ndi nkhani ina, ndipo apa mu Febuluwale sindinanenepo kanthu chifukwa kunali mvula. Ku Moatize fumbi lake ndi losakanikirana ndi la malasha, losalala ngati ufa woyera koma lakuda, limalowa paliponse. Miyezi yoyamba ndinkasintha malenzi paliponse, ndaona mlambe ndaika kakang'ono, ndaona nang'omba ndaika yayitali, pamsewu mphepo ya Ogasiti ikuomba. Tsiku lina ndinajambula mtsinje wa Luenha pa f/16, kutanthauza kabowo ka lenzi katachepetsedwa kwambiri, kuti zonse zioneke kuyambira pafupi mpaka kumapiri, kumwamba kwa chithunzi kunali timadontho tambirimbiri, ndinawerenga mpaka 23 ndikusiya. Pa f/5.6 situmaoneka, timabisala, koma ukangotseka lenzi kufika f/11 kapena f/16 tonse timatuluka makamaka pa thambo. Ngati mukufuna kuyesa yanu ikani f/22 mujambule thambo kapena khoma loyera muone.

Kapampu kamphepo ka labala kaja kanachotsa tambiri koma tina tinamatirira, mpaka ndinakapereka kwa munthu wodziwa kuti apukute sensa ndi timitengo take ndi mankhwala ake, ndipo chonde musauzire ndi pakamwa kapena kulowetsa nsonga ya malaya mkati, malovu amasiya banga loposa fumbi. Pano lenzi ndimasankhiratu kunyumba, ngati ndi tsiku la nyama ndi yayitali tsiku lonse, malo ndijambula ndi foni. Zikavuta ndimasinthira m'galimoto magalasi atatsekedwa, kamera itazimitsidwa, kukamwa kwake kutaloza pansi, kapena ndimafunda chitenje ndikusinthira mkati mwake. Chimene sindinathe kuchiletsa ndi zumu, lenzi zamtundu uwu zimatalika ndi kufupika ndiye zimapuma mpweya ngati mvukuto, pano ndikaizunguza ndimamva kamchenga pang'ono ndipo mkati mwa galasi lakutsogolo muli tizidutswa tingapo. Pa zithunzi situoneka, koma ndikudziwa kuti tsiku logulitsa tidzanditsitsira mtengo.

Kutentha pa kamera yeniyeniyo. Kabuku kake kamanena kuti igwire ntchito pakati pa 0 ndi 40 digiri, ndipo aliyense wokhala mu Tete akudziwa kuti chilimwe timadutsa 40 kawirikawiri, tsono kamera ndi yakuda imamwa dzuwa, ukaisiya pamwala mphindi khumi kuigwira kumachita kuwotcha. Pa zithunzi sinandikanepo olo tsiku limodzi, apa ndiyamikire, koma vidiyo ndi kujambula moyang'ana pa sikirini inazimapo yokha kawiri kuti izizire. Labala wa pogwirira wayamba kumatuka pakona chifukwa guluu wafewa ndi thukuta ndi dzuwa. Ndimaifunditsa kansalu koyera ndikamadikira nyama, ndipo paulendo imakhala m'kabokosi kosungira zozizira kaja koma kopanda ayezi, m'galimoto yotseka siitsala ngakhale ndikungokagula madzi.

Batire ndiye yandisangalatsa kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake sindikudandaula kuti ndinagula DSLR yachikale m'malo mwa zatsopano zopanda kagalasi zija. Ukamayang'anira pa kabowo ka diso siidya moto, ku Mágoè mabatire awiri anandikwanira masiku onse anayi osatchaja, ndipo kumeneko magetsi si oti ungawadalire paliponse.

Pa kuwala ndinavutikanso pang'ono. Mchenga wa m'mitsinje youma ndi wowala kwambiri, kamera imaganiza kuti kwawalitsa ndiye imadetsa chithunzi chonse, mchenga umatuluka wotuwa ngati phulusa ndipo njiri kapena nyani amene ali pamenepo amangokhala chithunzithunzi chakuda. Ndimawonjezera kuwala pa kamera ndi +0.7 kapena +1 ndikuyang'ana kuti thambo lisapserere, ndipo ndinasiya JPEG, zithunzi zokonzedwa kale ndi kamera, ndimajambula RAW, zosakonza, kuti mithunzi ndikaitsegule pa laputopu, memori khadi imadzadza msanga koma palibe kuchitira mwina. Fyuluta ya polarizer, kagalasi kovala kutsogolo kwa lenzi, yomwe ndinaitama ija imagwira bwino Meyi, Juni ndi Julaye pomwe thambo lili loyera, imakometsa buluu ndikuchotsa kunyezimira pamadzi. Kuyambira Seputembala anthu akayamba kutentha tchire utsi umadzaza m'mwamba, mapiri amasowa, fyulutayo siingachotse utsi imangokudyera kuwala. Koma utsi womwewo ndi umene umachititsa dzuwa kulowa lili lofiira psuu lozungulira bwino loti ukhoza kulijambula kuseri kwa mlambe, chithunzi changa chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi chimenecho, pafupi ndi Boroma, ndinachitsukitsa chili pakhoma.

Ndiye pali kukokana kumene sindinakudziwe ndikugula, miyezi yabwino ya malo si miyezi yabwino ya nyama. Nthawi yozizira mpweya uli phee, mitundu ikuoneka, masau ali mbwee m'misewu, koma tchire likadali ndi masamba ndipo madzi akadalipo m'madambo ndiye nyama zamwazikana. Okutobala nyama zimabwera zokha kumadzi, ngoma, nswala, nkhanga, ndi mbalame zofiira zija zimakumba mauna m'magombe a Zambezi, koma ndi nthawi yomwe mpweya ukuvina ndipo utsi uli ponseponse. Uyenera kusankha chomwe ukupitira.

Pali china chomwe sichikhudza kamera koma sindingachisiye. Ku nyanja ndinacheza ndi bambo wina wachikulire msodzi, tinkamvana bwino iye Chinyungwe ine Chichewa, anaona ndikuonetsa anzanga njovu pa sikirini ndiye anati, "Mwana wanga, inu mumabwera kudzazijambula n'kumapita, ife timagona nazo, chaka chatha zinandithera munda wa mapira usiku umodzi." Ndinati, "Pepani bambo, ndamva," ndipo ndinalibe china chonena. Kuyambira pamenepo ndikafika pamudzi ndimayamba ndapereka moni kwa akuluakulu ndikufotokoza chomwe ndabwerera kamera ili m'chikwama, munthu sindimujambula ndisanapemphe, ndipo m'paki ndimayenda ndi fiscal, mlonda wa paki, ndikumvera akati apa tisapitirire. Lenzi ya 300mm imakunyenga kuti uyandikire pang'ono, pang'ononso, makamaka ukadziwa kuti kuyandikira kumachepetsa kuvina kwa mpweya, koma njovu ya mwana kapena mvuu yomwe ili kumtunda si yoyesera zimenezo. Chimodzimodzi ku Songo, khoma la damu la Cahora Bassa lija la mamita 171 lomwe linamalizidwa mu 1974 ndi lokoma kujambula koma yambani mwafunsa pomwe mukuloledwa kuima, komanso pa milatho ngati wa Samora Machel musamangotulutsa lenzi yayitali pamaso pa apolisi osalankhula nawo.

Ndingagulenso? Kamerayo eya, mosakayika, yapirira zomwe kabuku kake sikanalonjeze. Lenzi ya 70-300mm ndingagulenso koma ndikudziwa tsopano kuti pa mbalame zing'onozing'ono ndi yayifupi ndipo pa f/6.3 m'bandakucha umakakamizika kukweza ISO, mphamvu ya sensa yomva kuwala, mpaka 1600 kapena 3200, zomwe zimachititsa kuti tonga timchenga tizioneka pa chithunzi koma ndi bwino timchenga kusiyana ndi chithunzi chogwedera. Kakang'ono ka 18-55mm ndi kamene ndinakanyoza pachiyambi koma zithunzi za malo zomwe anthu amandipempha kwambiri zatuluka m'kameneko. Katripodi kotchipa komwe ndinagula sikanandithandize, kamagwedezeka ndi mphepo, kathumba kansalu kodzaza nyemba koika pa windo la galimoto kapena pamwala kagwira ntchito kuposa iko. Ndikanakhala kuti ndikuyamba lero, ndalama ya katripodi ndi fyuluta yachiwiri ndikanagulira batire ina, kapampu ndi chikwama chotseka bwino, yotsalayo ya mafuta opitira kutchire.

Sabata ya mawa ndikukwera chapa, minibasi ya kuno, kupita kwathu ku Ulongwe kukadya Khirisimasi, kamera ndinyamula ndi kalenzi kakang'ono kokha chifukwa chimanga chamera ndipo mapiri a ku Dómuè abiriwira, yayitali ikhala m'bokosi ndi timapaketi toyamwa chinyontho mpaka mvula ithe. Labala uja ndikamumatanso ndikafika, ndipo mu Juni ndikufuna ndibwerere ku Luenha pamalo omwe aja ndikajambulenso pa f/16 sensa ili yoyera.