Toyota HiAce yogwiritsidwa kale ntchito monga galimoto yogonamo pa ulendo: zimene ndaona patatha zaka ziwiri

Ine ndi mkazi wanga tinagula Toyota HiAce ya chaka cha 2011 ndi cholinga chimodzi chokha, choti tiikemo bedi ndi kakhitchini kakang'ono kuti tizitha kupita kunyanja kapena kumapiri popanda kulipira malo ogona usiku uliwonse. Tsopano papita zaka ziwiri chiikonzere, ndipo tagonamo ku Senga Bay, ku Chembe, ku Chintheche ndi ku Chelinda pa phiri la Nyika, kotero ndikhoza kunena zimene galimotoyi imachita bwino ndi zimene imalephera popanda kungobwereza mawu a ogulitsa.

Tisanafike pa imeneyi ndinatsala pang'ono kulakwitsa kwambiri. Munthu wina ku Lilongwe anali kugulitsa HiAce imene inagwirapo ntchito ya minibasi, mtengo wake unali wotsika, ndipo penti anali atangoipaka kumene moti inkawala ngati yatsopano. Ndinatenga makanika amene ndimamudalira, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, ndipo iye sanayambe ndi kuliza injini monga ndinkayembekezera. Anasenda kapeti wa pansi n'kundionetsa mabowo ambirimbiri amene anaboola pomangirira mipando, ena atawotcherera, ena atangowasiya, ndipo dzimbiri linali litazungulira bowo lililonse. Kenaka anagwira chitseko chokoka chija n'kuchinyamula pang'ono, chitseko n'kugwedezeka ngati dzino lofuna kuguluka. Atagona pansi pa galimoto anawerenga masipuling'i akumbuyo n'kupeza kuti anawonjezerapo zitsulo zina, chizindikiro chakuti inkanyamula katundu woposa mlingo wake tsiku ndi tsiku. Atadzuka anangoti, “Bwana, iyi yatopa; mukaikamo bedi muzidzagona kugalaja.” Chitseko cha minibasi chimatsegulidwa ndi kumenyetsedwa kambirimbiri pa tsiku limodzi, injini imalira kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndipo kawirikawiri mita yowerenga makilomita imakhala kuti inafa kalekale. Injini yotopa munthu akhoza kuisintha, koma thupi la galimoto likawola, ntchito yonse ya kalipentala ndi ya magetsi imene mwaikamo imapita pachabe pamodzi nalo.

Choncho tinaitanitsa ina kuchokera ku Japan, imene inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe. Ndi ya mtundu wa H200, umene Toyota inayamba kupanga mu 2004, womwewo umene ku South Africa amautcha Quantum. Yathu ndi KDH206, kutanthauza kuti ili ndi injini ya dizilo ya malita atatu yotchedwa 1KD-FTV ndipo imakoka ndi mawilo onse anayi. Tinasankha ya DX, yopanda zokongoletsa, chifukwa mipando yofewa ndi makapeti a Super GL, mtundu wake wapamwamba, tikanazichotsa ndithu titazilipirira ndalama zambiri. Msonkho umene MRA imalipiritsa umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimoto, choncho ndi bwino kuuwerengetsa musanatumize ndalama, chifukwa galimoto yooneka yotchipa pa intaneti imatha kufika pakhomo itakwera mtengo modabwitsa.

Pogula galimoto imene simunaione ndi maso, mapepala awiri ndiwo amathandiza. Loyamba ndi pepala la kumsika wa okushoni, limene limapereka giredi ya galimoto. Giredi 4 kapena 3.5 ndi yabwino kwa galimoto yonyamula katundu, pamene chilembo cha R chimasonyeza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Lachiwiri ndi satifiketi yotulutsira galimoto m'dziko la Japan, imene imalemba makilomita amene galimotoyo inali itayenda pa nthawi imene inkayesedwa ndi aboma kumeneko, ndipo ziwerengero zimenezi zikasemphana ndi za pa mita, dziwani kuti wina anabweza mita m'mbuyo. Ndinapemphanso zithunzi za kunsi kwa galimoto, ndipo pa ichi sindinagonje ngakhale wogulitsa ankazengereza. Magalimoto ambiri okoka ndi mawilo anayi amachokera kumadera a chisanu monga Hokkaido, kumene amathira mchere m'misewu pofuna kusungunula madzi oundana, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuyambira pansi pamene pamwamba pakuoneka bwinobwino. Yathu inali ndi dzimbiri la pamwamba chabe, limene tinalipala ndi kulipaka mankhwala tisanakhome thabwa ngakhale limodzi.

Ndinaganiziraponso magalimoto ena, koma sindinachedwe nawo. Mazda Bongo ndi Nissan Vanette ndi zotchipa ndipo sizidya mafuta kwambiri, koma bedi la anthu awiri likalowa malo atha. Nissan Caravan ndi yofanana kukula ndi HiAce ndipo mtengo wake umakhala wotsikirapo, ngakhale kuti zipangizo zake sizipezeka mwachangu chimodzimodzi. Mercedes-Benz Sprinter ndiyo imene anthu a ku Ulaya amakonda kusandutsa nyumba yoyenda, poti munthu amaimirira bwinobwino m'kati mwake, koma ndinadzifunsa kuti itazima pakati pa Dwangwa ndi Nkhata Bay, ndani angaidziwe, ndipo chipangizo chofunikacho chingatenge masabata angati kuti chifike.

Apa ndi pamene pali mphamvu yeniyeni ya HiAce m'Malawi muno. Popeza ndi galimoto imene a maminibasi amagwiritsa ntchito kwambiri, pafupifupi pa boma lililonse pali makanika amene anaiphwasulapo ndi kuimanganso. Matayala ake a 195R15C, zosefera oyilo ndi dizilo, mabuleki ndi malamba zimapezeka popanda kuitanitsa kunja. Tsiku lina tikuchokera ku Mzuzu bering'i ya wilo lakutsogolo inayamba kulira, ndipo tinaima pa galaja ina ya pansi pa mtengo wa mango kumene mnyamata wina anakwera kabaza, n'kubwerako ndi chipangizocho tisanamalize kudya chimanga chowotcha. Pasanathe maola atatu tinali pamsewu. Vuto lake ndi lakuti zipangizo zachinyengo nazo ndi zambiri chifukwa cha msika waukuluwo, kotero zosefera ndi timing belt (lamba woyendetsa mavalavu a injini) ndimagula kwa ogulitsa odziwika okha ngakhale mtengo wake ndi wowawa.

Nkhani ya malo a m'kati ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa pamenepa ndi pamene galimotoyi imakhumudwitsa. HiAce ya thupi wamba ndi yotalika mamita 4.695 kunja, koma popeza woyendetsa amakhala pamwamba pa injini ndipo kulibe boneti yaitali kutsogolo, kumbuyo kumatsala malo okwana mamita atatu, zimene ndi zambiri kwa galimoto ya msinkhu umenewu. M'lifupi mwake muli pafupifupi mita imodzi ndi theka, kutanthauza kuti munthu wamkulu sangagone chopingasa, ndipo bedi liyenera kuyalidwa motsata utali wa galimoto. Lathu ndi lotalika mamita 1.9, choncho potsala mita imodzi ndi pang'ono pafupi ndi chitseko chokoka ndi pamene tinaika kabati, firiji ndi chigubu cha madzi. Vuto lalikulu ndi denga, poti kuchokera pansi kufika kudenga pali mamita 1.32 okha. Kuimirira n'kosatheka, ndipo mukakweza bedi kuti pansi pake pazilowa katundu, mutu umagunda kudenga mukakhala tsonga. Kalipentala wathu poyamba anapanga bedi lotalika masentimita 45 kuchokera pansi, ndipo titaikapo matiresi ndinaona kuti sindingakhale tsonga popanda kupinda khosi. Tinadula miyendo mpaka masentimita 32, ndipo mabokosi amene tinali titagula kale sanalowenso pansi pake. Kuvala thalauza chogona kunkatiseketsa m'masiku oyamba, koma pa tsiku lachitatu la mvula yosakata ku Nkhata Bay kunalibe amene ankaseka.

Ilipo HiAce yaikulu, yotalika mamita 5.38, ya thupi lotakata ndi denga lalitali, imene m'kati mwake muli malo a mamita 3.54 m'litali ndi pafupifupi 1.63 kufika kudenga. Ngakhale m'menemo munthu wamtali amaweramabe, koma kusiyana kwake ndi kwakukulu kwa banja lokhala ndi ana kapena kwa anthu ofuna kukhala pa ulendo mwezi wathunthu. Kwa anthu awiri oyenda masiku anayi kapena asanu, amene amaphikira panja ndi kukhala panja mpaka nthawi yogona, yaing'onoyi ndi yokwanira, ndipo imakhota mosavuta m'makona a msewu wa Golomoti ndi m'tinjira topanikiza ta m'mudzi wa Chembe.

Injini ya 1KD ili ndi mphamvu zokwanira, ndipo pa chitunda cha Chiweta imakwera ndi katundu yense popanda kupuma wefuwefu. Pa maulendo ataliatali ndimayenda pafupifupi makilomita khumi pa lita imodzi, ndipo thanki yake ya malita 70 imatipatsa mtendere pa nthawi zimene mafuta asowa m'dziko. Komabe pali zinthu ziwiri zimene wogula ayenera kudziwa. Injini imeneyi imagwiritsa ntchito timing belt, choncho ngati palibe umboni wa tsiku limene inasinthidwa, isintheni galimoto ikangofika, osadikira kuti nyali ya T-BELT iyake. Chachiwiri ndi chosefera utsi chotchedwa DPF, chimene ma HiAce a dizilo a ku Japan a zaka zimenezi ali nacho. Chimadziyeretsa chokha pamene injini yatentha ndipo galimoto ikuyenda mtunda wautali, koma ngati mumangoyenda maulendo aafupi m'tauni chimatsekeka. Ine chinandivuta kamodzi, nditaibwereketsa kwa mlamu wanga amene ankangoigwiritsa ntchito popita kumsika, ndipo makanika woyamba amene ndinamufunsa anati tingochidula n'kuchitaya; wachiwiri anachitsuka, ndipo chikugwirabe ntchito mpaka lero. Munthu amene sakufuna nkhawa zimenezi aganizire za injini za petulo, 1TR ya malita awiri kapena 2TR ya malita 2.7, zimene zili ndi tcheni m'malo mwa lamba ndipo n'zosavuta kusamala, ngakhale zimamwa mafuta ambiri ndipo yaing'onoyo imalemedwa pa mapiri.

Popeza injini ili pansi pa mipando, kuti muone oyilo muyenera kutukula mpando wa wokwera, ntchito imene imatopetsa ngati pampandopo mwaunjika zinthu. Kutentha kwake kumalowanso m'kati. Mukafika ku Mangochi madzulo mu Okutobala n'kufuna kugona nthawi yomweyo, injini imakhala ikutulutsabe moto kwa ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo galimoto yonse imakhala ngati uvuni. Tinathetsa pang'ono vutoli poika chotchingira kutentha kudenga ndi m'mbali, fani yokoka mpweya padenga, ndi maneti a udzudzu pa zitseko kuti tizigona zili zotsegula. Ku Chelinda, kumene ndi kokwera kupitirira mamita 2,000, kutentha komweko kunatithandiza usiku wa mu Julayi pamene udzu panja unachita kuyera ndi chisanu.

Za kukoka ndi mawilo anayi, munthu asanyengedwe. HiAce si Land Cruiser. Ilibe giya yapadera yokwerera malo ovuta, ndipo ndi yotsika pansi. Pa msewu wafumbi wochokera ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pa chipata cha Thazima cholowera ku Nyika inayenda bwino m'chilimwe, ndipo pa mchenga wolimba wa m'mphepete mwa nyanja imatuluka pamene ya mawilo awiri ikanatitimira, koma m'matope akuya a m'dzinja sindingailowetse. Kumbuyo kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, opangidwira katundu wolemera pafupifupi tani imodzi, choncho ikakhala yopanda kanthu imadumphadumpha mpaka mano kugundana. Titaikamo matabwa, batire lachiwiri, sola, silinda ya gasi ndi malita 60 a madzi, inakhazikika ndipo ikuyenda mofatsa kuposa mmene inabwerera. Ngakhale zili choncho, ndikulangiza kugwiritsa ntchito pulayiwudi wopepuka m'malo mwa matabwa a mlombwa amene akalipentala athu amakonda, chifukwa kilogalamu iliyonse imene mwawonjezera mudzailipirira pa pampu ya mafuta ndi pa mabuleki potsika Golomoti.

Pali chovuta china chimene palibe anandichenjeza. HiAce yoyera ikamayenda pa M1, anthu pa siteji iliyonse amaimika dzanja, oitanira amathamangira chitseko, ndipo apolisi a pamsewu amakuimitsani poganiza kuti mwanyamula anthu, kenaka n'kudabwa kupeza bedi loyalidwa bwino ndi mapoto. Choncho mapepala onse, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi, tiyenera kukhala nawo pafupi nthawi zonse. Tinaipaka mzere wobiriwira m'mbali ndi kuika makatani, ndipo zachepako, ngakhale kuti mwezi watha pa Chingeni mayi wina atasenza dengu la tomato anatsegula chitseko chokoka n'kufunsa ngati tikufika ku Balaka.