DJI Mini 3: kadroni kabwino, koma magalamu 249 aja asakunamizeni

Ndinagula DJI Mini 3 chifukwa cha nambala imodzi: kulemera kwake sikufika magalamu 249. Ndinali nditamva kuti droni yopepuka chonchi lamulo lilibe nayo ntchito, ndiye ndinati basi, ndapeza yongoulutsa popanda kufunsa munthu. Patha chaka tsopano ndikukaulutsa. Kamakinaka ndi kabwino, ndipo katatayika lero ndikhoza kugulanso komweka. Koma zimene ndinkakhulupirira za nambala ija zinali zoona theka lokha.

Ndiyambe ndi kanthuko. Mini 3 inatuluka mu Disembala 2022. Ukapinda mikono yake inayi imakwana m'dzanja limodzi, ndipo tsiku loyamba ndinakhumudwa pang'ono poigwira, chifukwa imamveka ngati chidole cha mwana. Pulasitiki yake ndi yopyapyala dala, kuti sikelo isadutse malire. Ine ndinatenga ya rimoti yotchedwa RC-N1, yomwe umapanirapo foni yako n'kulumikiza ndi kachingwe, kenako n'kumaona zonse pa pulogalamu ya DJI Fly. Iliponso rimoti ina yokhala ndi sikirini yakeyake. Mukakhala ndi mwayi wosankha, tengani imeneyo. Foni ikatentha padzuwa sikirini imachita mdima yokha, ndipo tsiku lina mlamu wanga anandiimbira droni ili m'mwamba, chithunzi chonse n'kuphimbika ndi dzina lake. Kuyambira pamenepo ndimatseka mafoni olowa ndisananyamuke.

Kamera ndiye pagona nkhani. Yakhala pa gimbal, kachipangizo kamene kamaigwira kuti isagwedezeke ngakhale droniyo ikupendekeka uku ndi uku. Ukaona kanema wake ungaganize kuti kamera inali pa thebulo m'mwambamo. Sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ndi ya inchi 1/1.3, yokulirapo ndithu poyerekeza ndi madroni ena a msinkhu wake, ndipo diso lake ndi lotseguka kwambiri, f/1.7. Tanthauzo lake n'lakuti madzulo dzuwa likamalowa, nthawi imene makamera ang'onoang'ono amayamba kutulutsa zithunzi zamchengamchenga, iyi imakhala ikanali ndi mphamvu. Zithunzi zanga zabwino zonse ndinajambula dzuwa litangotuluka kapena likupita kukalowa, mithunzi ya mitengo itatalika. Masana dzuwa lili paliwombo dziko limaoneka lathyathyathya, lopanda moyo, ndipo apa droni iliyonse singakuthandize.

Diso lotsegukalo lili ndi mbali yake ina: silitsekeka. Pojambula kanema masana kuwala kumachuluka, ndiye umafunika timagalasi takuda totchedwa ND tovekera kutsogolo kwa kamera. Musadikire kuphunzira izi mochedwa ngati ine. Kanema imajambula mpaka 4K, yemwe ndi kanema wooneka bwino kwambiri, pa mafuremu (zithunzi) 30 pa sekondi, osapitirira apo, choncho amene amakonda kanema woyenda pang'onopang'ono wa 4K ayang'ane mtundu wina. Zithunzi imatha kusunga ngati DNG, zomwe umakazikonza bwino pa kompyuta, kubweza mitambo imene inayera kwambiri. Kameranso imatembenuka n'kuima choongoka, kuti chithunzi chikwane sikirini ya foni popanda kudula m'mbali. Poyamba ndinkaziona ngati zamasewera, koma ndi zimene ndimagwiritsa ntchito kawirikawiri. Zoti imakokera chinthu pafupi zisiyeni, chifukwa imangodula chithunzi chomwecho n'kuchikulitsa.

Chimene palibe anandiuza n'chakuti kukwera kwambiri sikukongoletsa chithunzi. Sabata zoyamba ndinkangokankha kandodo kokwezera mpaka pamalire, n'kubwerako ndi zithunzi zonga mapu: nyumba ngati timabokosi, anthu osaoneka n'komwe. Chithunzi chimene ndinachipachika pakhoma ndinachijambula pa mamita 35 okha, kamera itayang'ana pansi penipeni, pomwe mtsinje umakhota ndipo njira ya ng'ombe imatsikira kumadzi. Munthu woyenda pansi sangadziwe kuti malo amenewo ali ndi maonekedwe otero.

Batire amati imakhala mphindi 38. Imeneyo ndi nambala ya malo opanda mphepo, droni ikuuluka mpaka kutheratu. Ine ndimapeza mphindi za m'ma 28, chifukwa sindilola kuti itsike kwambiri ndisanatere. Batire imodzi siikwana, zitatu ndiye ulendo umakoma. Za mphepo amati imapirira mpaka mamita 10.7 pa sekondi, ndipo imayesetsadi, koma kupepuka kuli ndi mtengo wake. Mphepo ya m'mwamba imakhala yamphamvu kuposa imene ukuimva pankhope uli pansi. Tsiku lina ndinapita kutali motsatira mphepo, zonse zili myaa, koma pobwerera kanthu kanali kungokwawa, batire ikutsika ndikuona. Ndinaitsitsa pafupi ndi nthaka pomwe mphepo inali yofooka, ndipo inafika itatsala ndi 9 peresenti, ine thukuta lili kamukamu. Panopa ndimayamba ulendo molimbana ndi mphepo kuti pobwerera izindikankha.

Dziwaninso kuti Mini 3 ili ndi masensa oyang'ana pansi okha. Kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali ilibe maso oona chopinga. Izi zinalembedwa poyera ndipo ndinkazidziwa, komabe ndinaibweza chambuyo maso anga ali pa foni, n'kukaikodza mu nthambi za mtengo. Inagwera pa udzu, ndinangosintha mapiko awiri. Wolakwa ndinali ine. Mofananamo, batani loiuza kuti ibwerere yokha pomwe inanyamukira limagwira ntchito bwino, koma uyenera kuiikira msinkhu wobwererera woposa mtengo kapena nyumba yaitali kwambiri pamalopo, apo ayi idzabwera molunjika n'kukagunda chimene chili panjira. Amene akufuna masensa a mbali zonse ayang'ane Mini 4 Pro.

Tsopano za magalamu aja. Malire a 250 anatchuka mu 2015, pamene bungwe loona za ndege ku America, la FAA, linayamba kulembetsa madroni m'kaundula. Akatswiri anawerengera kuti kanthu kopepuka kuposa apo kakagwera munthu, n'kovuta kuti kamuphe. Mayiko ambiri anatengera nambala yomweyo, ndipo opanga madroni anayamba kupanga ofika 249. Koma kukhululukidwako n'kwapang'ono. Ku America komweko droni yotere suilembetsa ngati ukungosewera nayo, komabe uyenera kulemba kamayeso kotchedwa TRUST. Ukangoyamba kuigwiritsa ntchito pa bizinesi, monga kujambula nyumba yogulitsa, walowa m'malamulo a Part 107: pakufunika chiphaso, ndipo droniyo ilembetsedwe ngakhale ikhale yopepuka bwanji. M'mayiko a European Union, kuyambira kumapeto kwa 2020, droni ikakhala ndi kamera ndipo si chidole, mwini wake amalembetsa n'kumata nambala yake pa droniyo, kaya ndi ya magalamu 249. Ku Japan malire ndi magalamu 100 kuyambira mu 2022, ndiye kumeneko Mini 3 ndi droni ngati ina iliyonse. Ine malamulo a dziko langa ndinawawerenga nditagula kale, chonsecho n'zimene ndinayenera kuyamba nazo. Bungwe loyang'anira za ndege la dziko limene muli ndi lokhalo lingakuuzeni zoona, osati wogulitsa. Ndipo mukamapita nayo kunja funsiranitu, chifukwa mayiko ena amailanda pachipata pomwe. M'ndege mabatire ake amakhala m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi.

Pali kamsampha kena. Mini 3 ili ndi batire yaikulu yotchedwa Plus, ya mphindi 51. Ndinaigula mokondwa, osaganiza kuti ukangoilowetsa, droni yadutsa magalamu 250, ndipo malamulo onse amene unkawazemba akupeza. Imakhala m'kabati nthawi zambiri.

Malamulo ena sayang'ana sikelo n'komwe, ndipo amafanana m'mayiko ambiri. Usakwere kuposa mamita 120, omwe ku America amati mafiti 400. Chifukwa chake n'chomveka: ndege zonyamula anthu kawirikawiri sizitsika pansi pa mamita 150 pokhapokha zikamanyamuka kapena kutera, ndiye pamatsala kampata pakati. Komabe helikopita ndi ndege zopopera mankhwala m'minda zimatsika kuposa apo, ndipo ukangomva kulira kwake, wopatuka ndiwe. Monga ndanena, malire amenewa sanandilandepo chithunzi chabwino. Lamulo limene limandivuta ndi loti uziiona droni ndi maso ako nthawi zonse. Mini 3 amati imatha kutumiza chithunzi kuchokera pa makilomita 10, koma kanthu kotuwa kakang'ono chonchi ine kamandisowa m'maso kasanafike theka la kilomita. Ukangoyang'ana pa foni n'kudzutsanso mutu, thambo lili mbee. Ndiye makilomita 10 aja ndimawatenga ngati chitsimikizo chakuti chithunzi sichidukaduka pafupi, osati chilolezo chopita kutali.

Pamwamba pa khamu la anthu, pafupi ndi malo a asilikali kapena ndende, osayerekeza. Malo osungira nyama ndi zachilengedwe nawonso amakhala ndi malamulo awo. Ku America mapaki a boma otchedwa national parks analetsa madroni mu 2014. Koma chachikulu ndi mabwalo a ndege. Mu Disembala 2018, anthu atanena kuti aona madroni pafupi ndi bwalo la Gatwick ku England, bwalolo linatsekedwa kopitirira tsiku lathunthu, maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera, ndipo anthu pafupifupi 140,000 anakhudzidwa, Khirisimasi ili pafupi. Chaka chotsatira dziko la Britain linakulitsa malo oletsedwa kufika makilomita 5 kuchokera kumapeto kwa msewu wa ndege. Musadalire kuti pulogalamu ya pa foni ikuletsani. Kale kampani ya DJI inkatseka droni kuti isanyamuke n'komwe m'malo oletsedwa, koma mu Januwale 2025 inasintha zimenezi ku America: tsopano imangochenjeza, chisankho n'kukusiyira. Pulogalamu ikalola sizitanthauza kuti lamulo lalola.

Chotsala ndi anthu, ndipo ichi sichilembedwa pa kabokosi. Kadroni aka sikasokosa kwambiri, koma kamalira ngati njuchi zambiri, ndipo munthu akakamva pamwamba pa nyumba yake sadziwa ngati ukujambula phiri kapena mkazi wake. Tsiku lina ndikujambula dambo m'mawa, anatulukira bambo wina wachikulire, nkhope ili gwa.

"Achimwene, kachinthu kanuka kakufuna chiyani pamwamba pa nyumba yanga?"

Ndinatsitsa droni kaye, chifukwa kulankhula ndi munthu uku ukuulutsa ndi njira ina yokagwera mumtengo. Ndinapepesa, n'kuwaonetsa zithunzi zonse chimodzichimodzi. Pa ziwiri nyumba yawo inkaoneka pakona, ndipo ndinazifufuta iwo akuona. Anakhala chete kanthawi akuyang'ana chithunzi cha dambo lija, kenako anati, "Kodi mtsinjewu umakhota chonchi? Zaka zonsezi ine osadziwa." Anandipempha kuti ndikakwezenso kuti aone munda wawo wonse kamodzi. Batire yachitatu inathera pamenepo, iwo atagwira rimoti mbali imodzi, akundiuza kuti ndipite kumanzere pang'ono pomwe madzi amadula malire awo chaka chilichonse.