Recuva, PhotoRec, kapena ija yofuna madola?

Anzanga ojambula maukwati mwandifunsa kambiri kuti ndi pulogalamu iti imabweza zithunzi kadi ya kamera (memory card) ikafometedwa mwangozi, zonse n'kufufutika. Ndayesapo zitatu, ndipo imodzi ndimaisungirabe chakukhosi.

Timvane kaye mawu. Ukafufuta chithunzi kapena kuchita quick format, nthawi zambiri chithunzicho chimakhala chikadalipo pa kadi. Chomwe chachoka ndi kaundula wosonyeza pomwe fayilo iliyonse ili. Mapulogalamu a recovery amafwanthula kadiyo kusaka zomwe zatsala. Overwrite ndiye maliro enieni: ukajambulanso pa kadi yomweyo, zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale ndipo palibe pulogalamu yomwe ingazidzutse. Full format ya pa Windows imalemba maziro ponseponse, choncho nayonso sibwezeka.

Ija ya chakukhosi sindiitchula dzina. Kadi yanga ya 64 GB inafometedwa zithunzi za ukwati ndisanazitsitse, mkwatibwi akuimba foni m'mawa ndi madzulo. Pa tsamba lake panalembedwa kuti kutsitsa n'kwaulere. Ndinatsitsa, inachita scan maola atatu, kenaka preview inandionetsa zonse: keke, perekaniperekani, ankhoswe akuvina. Mtima unakhala pansi. Nditadina Recover, mpomwe inati ndilipire kaye. Zaulere zinali kuona chabe, ngati kukuonetsa mbuzi yako ili m'khola la wina. Mtengo unali wa madola, ndipo nonse mukudziwa mmene kulipira kunja ndi kadi ya kubanki kukuvutira kuno. Ndinapempha msuweni wa ku Joni kuti andilipirire. Patatha mwezi anandiimbira atakwiya: amudulanso ndalama. Tinali tagula subscription yodzikonzanso yokha mwezi uliwonse, ndipo zimenezo zinalembedwa m'tizilembo tating'ono pansi penipeni.

Recuva ndi yaulere, ya eni ake a CCleaner (pulogalamu yoyeretsa kompyuta), koma imayenda pa Windows pokha. Ndi yosavuta: kadontho kobiriwira ndiye kuti fayilo ili bwino, kofiira yaonongeka. Pa fayilo yomwe mwangofufuta kumene imakwana. Kadi ikafometedwa, tsegulani deep scan (kusaka mozama), apo ayi iona zochepa.

PhotoRec ndiyo ndimaikonda, ngakhale nkhope yake ndi yosakongola: chikuda bii, kuyenda ndi mabatani a mivi. Imabwera pamodzi ndi TestDisk (pulogalamu inzake yokonzera madisiki), ndi yaulere popanda malire, ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Siidalira kaundula uja. Imazindikira fayilo poona mmene imayambira. Vuto lake, mayina ndi mafoda zimatayika. Mudzapeza f0012345.jpg ndi anzake masauzande m'mafoda otchedwa recup_dir, ndipo kusankhula n'kwanu. Ine bola kutaya usiku umodzi kusiyana n'kutaya madola.

Iliyonse mungasankhe, zomwe yabweza muzisunge pa disiki ina, osati pa kadi yomweyo.

Wina ati, bwanji osangoponya zonse pa Google Drive? Malo aulere ndi 15 GB, ogawana ndi Gmail ndi Google Photos, pomwe ukwati umodzi wa RAW (mafayilo aakulu osasinthidwa ochokera m'kamera) umapitirira pamenepo, osawerengera bando ya intaneti. Komanso sync (kufananitsa za pa laputopu ndi za pa Drive) si backup (kope yosungidwa padera): mukafufuta pa laputopu, zimafufutikanso pa Drive, ndipo mu Trash zimangokhala masiku 30. Panopa ndikafika kunyumba ndimakopera kadi pa mahadi (hard drive) awiri ndisanavule nsapato, ndipo kadiyo sindiifometa mpaka banja litalandira zithunzi zake.